Kabati yakale ya ku America: ndiipale kapena ndiisiye?

NaBanda Wilmington: Abale anga, makamaka amisiri muli pano, ndithandizeni nzeru. Ndagula kabati ya madilowa anayi pa selo ya katundu wa gogo wina amene anamwalira kuno ku Delaware. Ana ake amangofuna nyumba ikhale mbee, ndiye mtengo unali wongotaya. Thabwa lake ndi lolemera, lada ndi zaka, ndipo pamwamba pali zipsera za makapu. Ndikufuna ndiipale, ndipake vanishi wonyezimira, Disembala ikwere kontena ipite kwa amayi ku Mchinji. Sandipepa ndiyambe ndi nambala yanji?

Mmisiri wa ku Ndirande: Achemwali, yambani ndi 80, mubwere pa 120, mumalize ndi 220. Muzitsata mmene ulusi wa thabwa ukuyendera, osapingasa ayi. Vanishi mupake katatu, ituluka ngati yatsopano.

Malume a ku Baltimore: Imani kaye mphwanga! Sandipepayo ibwerere m'jumbo. Aluso a ku Ndirande sakunama pa ntchito yawo, koma kuno katundu wakale amayendera malamulo ena. Chimene inu mukuchiona ngati litsiro, ogula zakale amachilipirira ndalama zambiri. Mu 1997 mphunzitsi wina wopuma pa ntchito wa ku New Jersey anapita ndi katebulo ku pulogalamu ya pa TV ya Antiques Roadshow. Anali atakagula madola 25 pa selo ya pakhomo zaka zambiri m'mbuyomo. Abale awiri amapasa odziwa mipando, Leigh ndi Leslie Keno, atakatembenuza anapeza kapepala ka John Seymour ndi mwana wake, amisiri a ku Boston a m'ma 1790. Chaka chotsatira kanagulitsidwa pa okushoni ya Sotheby's pa madola 541,500. Chimodzi mwa zimene zinakweza mtengo n'chakuti mayiwo sanakapale.

Chemwali wa ku Joni: Ndiye kuti anaBanda alemera? Tiyambe kulemba mayina a abale?

Malume a ku Baltimore: Musathamange. Zotere zimachitika mwa apo ndi apo, n'chifukwa chake zimafika pa TV. Mphwanga, solola dilowa limodzi lonse, ulitembenuze. Utiuze zitatu: m'mbali mwake matabwa alumikizana bwanji, pansi pake ukasisita ndi chikhatho pakumveka bwanji, ndipo thabwa la mkati ndi la mtundu wanji.

NaBanda Wilmington: Ndasolola. Pansi pake pali mizere yokhota, ngati zidutswa za bwalo, yotalikirana mofanana. Thabwa la mkati ndi loyera mobiriwira pang'ono. Pakona sindikudziwa ndinene bwanji: pali timiyezi tatheka tondondozana kuchokera pamwamba mpaka pansi, ndipo pakati pa kalikonse pali kachikhomo kozungulira.

Mmisiri wa ku Ndirande: Mizere yokhotayo ndi sowo ya makina, yozungulira ija. Sowo ya manja imasiya mizere yowongoka yosafanana, ndipo puleni ya manja imasiya timigula timene maso saona koma chikhatho chimamva. Koma jointi ya timiyeziyo sindinaionepo chibadwire. Ife timadziwa dovetail basi, jointi ya mano ooneka ngati mchira wa nkhunda.

Wophunzira ku Carolina: Bambo, imeneyo ndi Knapp joint. Makina ake anapangidwa ndi Charles Knapp chakumapeto kwa m'ma 1860, ndipo mafakitale a ku America anaigwiritsa ntchito kuyambira cha m'ma 1870 mpaka cha m'ma 1900, kenako makina odula dovetail anailanda malo. N'chifukwa chake ophunzira timaikonda, imakuuza zaka yokha. Thabwa lobiriwiralo ndi poplar, mtengo wotchipa umene ankaika mobisika. Kunjako mwina ndi walnut. Anti, kabati yanu ndi ya mufakitale, yadutsa zaka 120, koma si ya mamiliyoni. Ipukuteni ndi kansalu konyowa pang'ono, mupake phula la mipando, ikanyadire ku Mchinji.

NaBanda Wilmington: Ndiye maloto athera pomwepa. Zikomo mwana wanga. Koma tandiuzeni, zoyang'ana kumbuyo kwa dilowazi mumachita kuphunzira ku yunivesite?

Wophunzira ku Carolina: Eya anti, ndipo likulu lake lili pakhomo panu. Winterthur, nyumba yosungiramo zakale, ili kunja kwa Wilmington komweko. Inali nyumba ya Henry Francis du Pont, wa banja lija linalemera ndi wonga wa mfuti. Anaikulitsa mpaka zipinda 175, n'kudzazamo zinthu pafupifupi 90,000 zopangidwa kapena zogwiritsidwa ntchito ku America pakati pa 1640 ndi 1860. Inatsegulidwa kwa anthu mu 1951, ndipo mu 1952 anayamba maphunziro a digiri yachiwiri mogwirizana ndi University of Delaware. Ambiri oyang'anira nyumba zosungiramo zakale ku America anadutsa kumeneko. Amakuphunzitsa kugwada pansi ndi tochi. Kunja kwa kabati mmisiri ankatsanzira sitayilo ya ku London, koma mkati ankaika mtengo wa kwawo. Ukapeza paini woyera, ganiza za Boston ndi madera ozungulira. Poplar ndi white cedar, Philadelphia. Chestnut, Newport. Cypress, Charleston. Oak m'madilowa nthawi zambiri amaloza ku England. Tebulo lozungulira lakale ukaliyeza mbali ziwiri silifanana, chifukwa thabwa limafota m'lifupi osati m'litali. Likakhala lozungulira ndendende, yamba kukayikira.

Mmisiri wa ku Ndirande: Izi ndiye zoona zenizeni. Ifenso kutsogolo timaika mlombwa kapena mbawa, kumbuyo paini wa ku Chikangawa kapena pulayiwudi. Kasitomala salipira zimene sakuziona.

Chemwali wa ku Joni: Funso langa ndi la 1860. Chifukwa chiyani anaimira pamenepo? Ndiye kuti kabati ya anaBanda ngakhale atapereka ulere sangailandire?

Malume a ku Baltimore: Apo mwakhudza pamene pali nkhani. Malire amenewo sanagwe kumwamba, anthu ndiwo anawaika, ndipo anali ndi zifukwa zawo.

Kwa nthawi yaitali olemera a ku America ankaona kuti zakwawo n'zachimidzi. Wandalama ankakagula ku France kapena ku England. Zinayamba kutembenuka cha m'ma 1876, dziko litakwanitsa zaka 100 ndipo ku Philadelphia kunachitika chionetsero chachikulu. Anthu anayamba kukwera m'madenga kukatsitsa mipando ya agogo awo. Dokotala wina wa ku Hartford, Irving Lyon, ankayenda m'midzi kugula ndi kufufuza m'makalata a chuma cha masiye, ndipo mu 1891 anatulutsa buku loyamba lozama pa mipando ya ku New England. Mu 1909 Metropolitan Museum ya ku New York inaonetsa mipando ndi siliva wa ku America kuti ione ngati anthu angabwere. Anabwera mwaunyinji. Mu 1924 anatsegula American Wing, chigawo chonse cha zipinda zakale zozulidwa m'nyumba zenizeni, makoma, zitseko ndi malo osonkhapo moto omwe.

Tsono onani chaka chimenecho. 1924 yomweyo ndi pamene America inakhazikitsa lamulo lotsekera pakhomo anthu ochokera kum'mwera ndi kum'mawa kwa Ulaya, Ataliyana, Ayuda, Apolishi. R. T. H. Halsey, amene anakonza zipinda za American Wing, sankabisa kuti akufuna obwera kumene aphunzire mmene "eni dziko" ankakhalira. Ndiye chimene ankasaka sichinali kukongola kokha. Ankasaka America wa makolo ochokera ku England, wa ntchito ya manja, mafakitale ndi alendo asanachuluke. Kabati ya mufakitale ya 1880, yopangidwa mwina ndi Mdatchi kapena Mpolishi wa ku Grand Rapids, tauni ya mafakitale a mipando, inalibe malo m'nthano imeneyo.

Tichala wa ku Dedza: Malume, mwina mukuwaweruza kwambiri. Pakanapanda anthu amenewo zinthuzo zikanatha ndi moto ndi chiswe. Munthu akhale ndi zifukwa zake, bola wasunga.

Malume a ku Baltimore: Aphunzitsi, kusunga anasungadi, sindikukana. Du Pont yemweyo maso anali nawo. Amati zinayamba mu 1923 atacheza kwa Electra Webb ku Shelburne, Vermont, n'kuona kabati ya paini yodzaza mbale zapinki. Kuchokera apo sanapume. Mu 1929 pa okushoni ku New York analimbirana kabati yaitali ya ku Philadelphia ndi William Randolph Hearst, mwini manyuzipepala, mpaka anaitenga pa madola 44,000, nthawi imene galimoto ya Ford yatsopano inali madola mazana ochepa. Mu 1961 Jacqueline Kennedy, mkazi wa pulezidenti, atafuna kubwezera mipando yakale mu White House anaitana iyeyo kuti atsogolere komiti. Chimene ndikunena n'chakuti amene ali ndi chikwama ndiye amasankha chimene chitchedwe mbiri. Ndipo zimene sanasankhe zinali zambiri.

Wophunzira ku Carolina: Chitsanzo chake chili kuno kwathu. Mu 1949 pa msonkhano wa zakale ku Williamsburg, Joseph Downs, amene ankayang'anira American Wing ndipo kenako anapita ku Winterthur, ananena kuti kum'mwera kwa Baltimore sikunapangidwe zinthu zaluso zoti n'kuzitchula. Anthu a kum'mwera zinawawawa. Mu 1952 anakonza chionetsero ku Richmond chomutsutsa, ndipo mu 1965 Frank Horton ndi amayi ake anatsegula MESDA ku Winston-Salem, nyumba ya zaluso za kum'mwera zokhazokha. Anatuma anthu khomo ndi khomo kukajambula mipando, ena n'kumawerenga manyuzipepala akale ndi makalata a m'makhoti, kulemba dzina la mmisiri aliyense pa khadi. Poyamba cholinga chinali kuteteza ulemu wa kum'mwera. Koma makalatawo anatulutsa zina. Munali zotsatsa zogulitsa kapolo wodziwa ukalipentala, zolengeza kapolo wosula zitsulo amene wathawa, mndandanda wa katundu wa mwini shopu momwe anthu alembedwa pamodzi ndi zida. Anapeza kuti manja ambiri amene anapanga zinthu zokongolazo anali a anthu akuda.

Chemwali wa ku Joni: Eeh. Ndiye dzina pa kapepala ndi la bwana, thukuta la wina.

Wophunzira ku Carolina: Kawirikawiri ndi choncho. Ochepa okha ndi amene tikuwadziwa mayina. John Hemmings anali kapolo wa pulezidenti Thomas Jefferson ku nyumba yake ya Monticello, ndipo matabwa ambiri okongola a m'nyumba imene ija anadutsa m'manja mwake. Anamasulidwa mwa wilo ya Jefferson mu 1826. Kuno ku North Carolina kunali Thomas Day wa ku Milton, munthu wakuda wobadwa mfulu mu 1801, amene shopu yake ya mipando inali yaikulu kuposa zonse m'boma lino cha m'ma 1850. Bwanamkubwa ankagula kwa iyeyo. Koma nayenso anali ndi akapolo m'shopu mwake, ndiye nkhani yake siyophweka ayi.

Tichala wa ku Dedza: Ine amene anandigwira mtima ndi woumba mitsuko uja, Dave. Amayi anga anali oumba mbiya, ndiye ndikudziwa kuti kuumba chinthu chachikulu osagwa ndi nkhondo. Iyeyu ankaumba mitsuko ya magaloni 25, ina mpaka 40, yosungiramo nyama yothira mchere ndi mafuta. Anali kapolo ku Edgefield, South Carolina. Dongo lisanaume ankatenga kachitsulo n'kulemba dzina lake, tsiku, nthawi zina ndi ndakatulo ya mizere iwiri. Kumbukirani kuti m'boma limenelo lamulo la 1834 linkaletsa kuphunzitsa kapolo kuwerenga ndi kulemba. Pa mtsuko wina wa mu Ogasiti 1857 analemba mofunsa kuti kodi abale anga onse ali kuti, n'kuwonjezera mawu ofunira ubwenzi anthu onse ndi mitundu yonse. Munthu woti abale ake anagulitsidwa kwina. Ukapolo utatha anatenga dzina loti David Drake.

Malume a ku Baltimore: Ndipo aphunzitsi, mitsuko imeneyo kwa zaka zambiri inkangokhala m'makhonde ndi m'makola, anthu n'kumadzalamo maluwa. Mu 2021 umodzi unagulidwa pa madola oposa 1.5 miliyoni ndi Crystal Bridges Museum ya ku Arkansas. Mu 2022 Metropolitan yomwe ija inakonza chionetsero cha oumba akuda a ku Edgefield. Mtsuko sunasinthe. Anasintha ndi ogula.

Chemwali wa ku Joni: Nanga zidzukulu zake zinalawako? Chifukwa apa ndiye mutu ukundiwawa. Munthu anaumba osalipidwa, mwini wake anagulitsa, wina wadzagulitsanso pa mamiliyoni, ndiye tonse tiombe m'manja kuti tsopano akumulemekeza?

Wophunzira ku Carolina: Achemwali, funso lomwelo likuvuta m'makalasi mwathu. Zidzukulu zake zinapezeka kudzera m'kafukufuku wa mibadwo, ndipo zinayamba kufunsa zomwezo. Lamulo la katundu wobedwa limati wogula kwa wakuba sakhala mwini. Ndiye ena akuti, nanga ntchito yolandidwa kwa kapolo? Nkhani yofanana ndi ya Harriet Powers wa ku Georgia, amene anabadwa kapolo mu 1837. Anasoka chofunda cha zigamba chofotokoza nkhani za m'Baibulo. Umphawi utamupana anakachigulitsa kwa mphunzitsi wina wachizungu. Anatchula madola 10, analandira 5. Ankabwererako kukangochiona. Lero chili ku nyumba yosungiramo zakale ya Smithsonian ku Washington.

NaBanda Wilmington: Zoti ankabwerera kukachiona zandipweteka.

Mmisiri wa ku Ndirande: Ndifunseko za thabwa, poti ine n'kumene ndimamva. Mipando ya mamiliyoniyo ankapangira mtengo wanji? Pa zithunzi ikuoneka ngati mbawa.

Malume a ku Baltimore: Maso anu sakukunamizani aluso. Ndi mahogany, ndipo ndi banja limodzi ndi mbawa yathu, kungoti wawo ankachokera ku Jamaica, Cuba, Santo Domingo ndi gombe la Honduras kumene lero kuli Belize. Ogwetsa ndi kukoka zipika m'nkhalangomo anali akapolo ochokera ku Africa. Desiki imene inaswa mbiri mu 1989, itagulidwa madola 12.1 miliyoni pa okushoni ya Christie's, ndi ya mahogany, yaitali kuposa mafiti 9, yosemedwa zigoba za nkhono zisanu ndi chimodzi. Inapangidwa ku Rhode Island m'ma 1760 kupangira Nicholas Brown, wa banja limene Brown University inatengera dzina. Banja lomwelo mu 1764 linatumiza sitima yotchedwa Sally ku gombe la Africa kukagula anthu, ndipo oposa 100 anafera pa ulendowo. Yunivesiteyo inachita kufufuza yokha n'kuzilemba poyera mu 2006. Desikiyo ndi yokongola, ndinaona inzake ya mtundu womwewo ndipo ndinaima nthawi ndithu. Koma kukongolako sikufafaniza mbali inayo.

Tichala wa ku Dedza: Ndipo ife tisadzione ngati tili kutali. Timaphunzitsa ana za Jumbe wa ku Nkhotakota, kuti minyanga ndi akapolo zinkawoloka nyanja pa zombo kupita ku Kilwa ndi Zanzibar, koma timaimira pomwepo. Ku Zanzibar kunali amalonda a ku Salem, Massachusetts, ndipo America inatsegulako ofesi ya kazembe mu 1837. Ankabweretsa nsalu yoyera ya thonje n'kutenga minyanga. Yambiri inkathera m'timatauni tiwiri ta ku Connecticut, Deep River ndi Ivoryton, kumene ankaicheka kukhala zipeso ndi timabatani toyera ta piyano. Ndiye piyano yakale ya m'chipinda chochezera ku America ikhoza kukhala ndi dzino la njovu ya kuno.

Malume a ku Baltimore: Pamenepo ndichenjeze onse okonda maselo. Chilichonse chokhala ndi mnyanga, kaya ndi chakale bwanji, musachiike mu kontena. Malamulo ake ndi okhwima kuno ndi kumudzi komwe, ndipo pa doko sadzamva zoti munagula kwa gogo.

Chemwali wa ku Joni: Chabwino, koma ine ndikadali ndi chikaiko pa akatswiriwa. Munthu agwade ndi tochi n'kunena kuti ichi ndi cha 1760, cha ku Newport, mamiliyoni atuluke. Sanamizidwa?

Wophunzira ku Carolina: Amanamizidwa, ndipo nkhani yotchuka ndi ya mpando wa Brewster. Mipando imeneyi ndi ya m'ma 1600, yodzaza timitengo tozungulira, ndipo dzina inatengera kwa William Brewster, mkulu wa mpingo amene anabwera pa sitima ya Mayflower mu 1620. Yeniyeni ilipo yowerengeka. Mmisiri wina wa ku Rhode Island, Armand LaMontagne, anakhumudwa ndi mmene akuluakulu a nyumba ina ya zakale anamunyozera, ndiye mu 1969 anapanga wake. Anaukalambitsa dala, n'kuchotsamo timitengo tina kuti uoneke wovutika ndi zaka, kenako anakausiya pa nyumba ina ku Maine kuti ogula zakale akaupeze okha. Unadutsa m'manja angapo, mtengo ukukwera, mpaka Henry Ford Museum ya ku Michigan inaugula madola 9,000 mu 1970. Anauika pa chikuto cha kabuku kawo. Mu 1977 nkhani itatuluka kuti amene anaupanga akudzitama, anaujambula ekisire ndipo zinatsimikizika.

Chemwali wa ku Joni: Hahaha, ameneyo ndi mwamuna. Anamumanga?

Wophunzira ku Carolina: Ayi, poti iye sanaugulitse ngati wakale, ndipo sanapezepo phindu. Ananena bodza ndi amene anadzinamiza okha. A Henry Ford Museum mpandowo sanautaye, akuusungabe ngati chophunzitsira.

Mmisiri wa ku Ndirande: Mwana wanga, bwerera pang'ono. Ekisireyo inaona chiyani m'thabwa? Mulibe mafupa.

Wophunzira ku Carolina: Inaona pansi pa mabowo, bambo, mmene timitengoto talowa. Amisiri a m'ma 1600 ankaboola ndi chitsulo chooneka ngati supuni, ndiye bowo lake pansi limathera mozungulira. Biti ya masiku ano ili ndi kansonga kotsogola, ndiye pansi pa bowo pamakhala pafulati ndi kabowo kena kakang'ono pakati. Kunja anakonza zonse, koma mabowo anaboola ndi biti yamakono, ndipo ananena yekha kuti akayang'ane mmenemo.

Mmisiri wa ku Ndirande: Ndiye anachita dala kusiya chizindikiro. Munthu wodziwa kupanga mpando wonsewo sangalephere kusula kasupuni. Malume, mukadzabwera mudzandigulireko biti imodzi yakaleyo pa maselo anuwo, ndidzaiyese pa mbawa.

Malume a ku Baltimore: Zimenezo zimapezeka m'mabokosi a zida, madola awiri kapena atatu, palibe amazifuna. Ndikuikirani mu kontena ya anaBanda.